Amene Ankadyetsa a Matsanga

Adzukulu anga, inu mukamva akuluakulu akutchula a Matsanga mumangoganiza za zigawenga za m'tchire, anthu ovala zigamba, tsitsi lili nyankhalala, mfuti ili paphewa. N'zoona, amenewo ndiwo anthu ankawathawa tsidya la msewu uwu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu. Koma munthu wa m'tchire sapanga zipolopolo. Sapanga wailesi yoti alankhule ndi mkulu wake ali ku Gorongosa, iye ali kuno ku Angonia. Zinthu zimenezi zinkachokera kwina, ndipo kumeneko ndi kumene ndikufuna mukudziwe lero: nthambi ya ukazitape ya gulu lankhondo la South Africa, imene eni ake ankaitcha Military Intelligence.

Gulu lankhondo lililonse limakhala ndi azondi. Makolo athu Angoni sankangogwera mudzi ayi. Ankayamba atuma anyamata kuti akaone linga lili potani, ng'ombe amatsekera kuti, amuna alipo angati, mtsinje amawolokera pati. Ntchito ya akazitape a asilikali ndi yomweyo mpaka lero: kudziwa kuchuluka kwa ankhondo a mdani, zida zimene ali nazo ndi kumene akulinga, kujambula mapu, kutchera khutu ku mauthenga a pa wailesi zake ndi kumasula obisika, ndiponso kutseka mipata kuti akazitape a mdaniyo asalowe pakati pawo. Akadziwa amakauza akuluakulu, akuluakuluwo n'kugamula chochita. Mzondi saponya nthungo. Ntchito imeneyi ine sindiinyoza, chifukwa dziko lopanda azondi limadzidzimutsidwa usiku. Imene ndikukamba pano ndi nthambi imene inasiya kuzonda n'kuyamba kumenya yokha nkhondo, popanda munthu woifunsa.

Gulu lankhondo la South Africa linakhazikitsidwa mu 1912, koma ukazitape wake unakula pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ija imene agogo athu a Keyala anapita nayo mpaka ku Burma. Mtsogoleri wa dzikolo, Jan Smuts, anali kumbali ya Mangerezi, pamene Mabunu ambiri mitima yawo inali kwa Hitler. Iwo anali ndi gulu lotchedwa Ossewabrandwag, ndipo anyamata ake ankaphulitsa njanji ndi kudula mawaya a telefoni ndi a magetsi. Choncho mkulu wa akazitape a asilikali, katswiri wa zamaphunziro dzina lake E.G. Malherbe, nthawi yake yambiri inkathera pa Mabunu anzake omwe. Ena a gulu lija anatsekeredwa pa kampu ya Koffiefontein, ndipo mwa iwo munali loya wachinyamata John Vorster ndi wapolisi wina wamtali, Hendrik van den Bergh. Mayina awiriwa muwasunge.

Mu 1948 chipani cha National Party chinapambana chisankho, ulamuliro wa tsankho n'kuyambika. Nduna yatsopano ya zachitetezo, Frans Erasmus, sinachedwe kulanda mafayilo amene akazitape aja anasunga onena za Mabunu. Amene ankazondedwa dzulo anali atasanduka eni boma. Nthambiyo inafota zaka zoposa khumi, mpaka zinthu zitatentha: apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville mu 1960, dzikolo linatuluka mu Commonwealth mu 1961, ndipo chaka chomwecho a Mandela ndi anzawo anayambitsa gulu lankhondo la Umkhonto we Sizwe. Mu 1962 nthambi ya ukazitape ya asilikali inakhazikitsidwa mwatsopano.

Komabe sinakhale ndi mphamvu msanga. Vorster atakhala nduna yaikulu mu 1966 ankakhulupirira mnzake wa ku Koffiefontein uja, ndipo mu 1969 anamupatsa bungwe lakelake la ukazitape, limene dziko lonse linkalidziwa ndi dzina loti BOSS. Ndalama zinkapita kwa Van den Bergh, zonena zake ndi zimene Vorster ankamva, asilikali n'kumangokukuta mano. Nduna yawo, P.W. Botha, bambo waukali wokonda kuloza chala polankhula, anasunga chakukhosi. Mu 1978 Vorster anatula pansi udindo, itayamba kununkha nkhani ya ndalama za boma zimene ankagulira mobisa manyuzipepala ndi kukometsera mbiri ya tsankho kunja. Van den Bergh anapita naye limodzi. Botha analowa pampando, ndipo analowa ndi asilikali ake. Magnus Malan, mkulu wa asilikali amene mu 1980 anakhala nduna ya zachitetezo, ankaphunzitsa kuti achikomyunizimu azinga South Africa mbali zonse, kotero sukulu, tchalitchi, nyuzipepala, ngakhale njanji ya dziko loyandikana nalo, zonsezo ndi malo omenyerapo nkhondo. Maganizo oterewa akalowa m'boma, wolemera mawu amakhala kazitape.

Tsono tibwere kufupi ndi kwathu. Mozambique inalandira ufulu pa 25 June 1975, a Samora Machel ndi Frelimo ali patsogolo. Mu March 1976 a Machel anatseka malire ndi Rhodesia ya Ian Smith, nalola ankhondo a ZANU olimbana ndi Smith kumenya nkhondo kuchokera m'dziko lawo. Mkulu wa akazitape a Smith, Ken Flower, anasonkhanitsa anthu a ku Mozambique odana ndi Frelimo, ena amene anagwirapo ntchito ndi Apwitikizi, ena othawa m'makampu achilango, n'kuwaphunzitsa nkhondo pafamu ina ku Odzi, kufupi ndi Umtali, imene lero ndi Mutare. Gulu limeneli ndilo Renamo, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali André Matsangaissa, mwini dzina lija la Matsanga. Iye anaphedwa ku Gorongosa mu October 1979, Afonso Dhlakama n'kutenga malo ake.

Musamve ngati Frelimo inalibe zolakwa. Inanyoza mafumu ndi asing'anga, inakakamiza anthu kusiya midzi ndi manda a makolo awo kuti akakhale m'midzi ya boma, ndipo ku Angonia komweku minda yambiri yachonde inali m'manja mwa mafamu a boma. Anthu okwiya analipo ambiri, ndipo ena analowa Renamo ndi mtima wawo wonse. Nkhuni zouma zinalipo kale. A boma la South Africa ku Pretoria anabwera ndi moto ndi parafini, n'kumasonkhezera chaka ndi chaka.

Zimbabwe itatsala pang'ono kulandira ufulu mu 1980, Renamo inali kagulu kochepa koti kakanafera limodzi ndi Rhodesia. Flower anakapereka m'manja mwa akazitape a asilikali a South Africa. Anthu, zida, ngakhale wailesi yawo yofalitsa mauthenga ya Voz da África Livre, zonse zinasamutsidwira ku Transvaal, ndipo makampu anatsegulidwa kufupi ndi Phalaborwa, m'mbali mwa nkhalango ya Kruger. M'nthambimo munali ofesi yotchedwa Directorate of Special Tasks, ntchito yake imodzi basi: kulera zigawenga za m'mayiko oyandikana nawo. Ena m'menemo ankasamala za UNITA ya Jonas Savimbi ku Angola, ena za Renamo ndi timagulu ta ku Lesotho ndi ku Matabeleland. Zida zinkatsitsidwa usiku ndi maparachuti, zina zinkabwera pamadzi n'kutsitsidwa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Mphatso yoopsa kuposa zonse inali mawailesi, pakuti ndi amene anachititsa kuti timagulu tobalalika m'dziko lalitali chonchija tiziyenda ndi lamulo limodzi.

Ankavutikiranji ndi zonsezi? Pakamwa ankati Mozambique ikusunga a ANC, gulu la a Mandela. Zinali zoona, koma panali china. Pa 1 April 1980 mayiko 9, Malawi ali momwemo, anakumana ku Lusaka n'kupanga SADCC, cholinga chachikulu chili choti katundu wathu azidzera madoko monga Beira, Nacala, Maputo ndi Dar es Salaam, tisamadalire njanji za azungu a kumwera. Taonani tsono zimene Renamo inkaphwanya. Njanji yochokera ku Beira kudzera ku Nsanje inaima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ya ku Nacala inaima mu 1984. Mlatho wautali wa Dona Ana pa Zambezi unaphulitsidwa mu 1986. Paipi ya mafuta yopita ku Mutare inkabooledwa, zitsulo zonyamula mawaya a magetsi a ku Cahora Bassa zinkagwetsedwa. Fodya, tiyi ndi shuga wathu, zimene kale zinkafika padoko pa mtunda wa makilomita mazana angapo, zinayamba kuyenda makilomita oposa 2,000 kukafika ku Durban, ndipo ikakhala njira yozungulira ku Zambia, oposa 3,000. Madalaivala odzera ku Tete ankadikira pa Zobue mpaka malole achuluke, n'kunyamuka mondondozana, asilikali a Zimbabwe ali patsogolo ndi pambuyo, akudutsa mabwinja a malole anzawo opsa m'mbali mwa msewu. Mlimi wa kuno ankadandaula kuti thumba la feteleza lakwera, osadziwa kuti mbali ya mtengowo inakonzedwa m'ofesi ya ku Pretoria.

Za m'kati mwa ofesi imeneyo zinadziwika chifukwa cha mnyamata mmodzi wachizungu, Roland Hunter. Anaitanidwa ku usilikali wokakamiza monga anyamata onse achizungu a nthawi imeneyo, ndipo anamuika kuti azithandiza Colonel Cornelius van Niekerk, amene ankayang'anira za Renamo. Ntchito yake inali ya kalaliki ndi mtengatenga: kusunga mapepala, kuyendetsa galimoto, kunyamula ndalama za malipiro kupita nazo kumakampu. Ankaona ndi maso ake mfuti za AK-47 zikupakidwa, mfuti zopangidwa kumayiko a kum'mawa, zosankhidwa dala kuti zikagwidwa chala chisaloze ku South Africa. Mnyamatayo mtima unamuwawa. Anayamba kutulutsa zikalata mobisa n'kumapereka kwa Derek Hanekom ndi mkazi wake Trish, iwo n'kumatumiza kwa a ANC. Anagwidwa kumapeto kwa 1983. Boma linafuna kuwazenga mlandu woukira dziko, koma linaona kuti mlandu wotero ukaulula zimene linkakana pamaso pa dziko lonse. Linawazenga mobisa pa milandu yocheperapo, ndipo Hunter analamulidwa kukhala m'ndende zaka 5. Ine mnyamata ameneyu ndimamulemekeza. Anali ndi zonse zimene khungu loyera linkapatsa munthu m'dziko lija, koma anaziika pachiswe chifukwa cha anthu a m'midzi imene sanaiponde n'komwe.

Pa 16 March 1984 a Machel ndi Botha anakumana m'mphepete mwa mtsinje wa Nkomati n'kusainirana pangano: Mozambique ichotse ankhondo a ANC, South Africa isiye Renamo. A Machel anasunga mbali yawo, ndipo a ANC ambiri anauzidwa kuti achoke. Nkhondo m'malo mozirala inakula. Mu August 1985 asilikali a Zimbabwe ndi a Mozambique analanda likulu la Dhlakama ku Gorongosa, malo otchedwa Casa Banana, ndipo m'katundu wosiyidwa pothawa munapezeka mabuku a mlembi wake wotchedwa Vaz. Munthuyo ankalemba mwakhama: ndege yatera liti, yabwera ndi ndani, yatsitsa chiyani, alendowo anena zotani. M'mabukumo munaoneka kuti pangano lisanasainidwe akazitape aja anakhuthulira Renamo zida zokwanira miyezi yambiri, ndipo litasainidwa sanaleke. Munalembedwanso kuti akuluakulu a asilikali ankauza Renamo kuti isamakhulupirire Pik Botha, nduna ya zakunja ya dziko lawo lomwe. Pik Botha atapanikizidwa anavomera kuti panganolo linaphwanyidwa, koma anati zinali zazing'ono. Apa ndi pamene mungaonere kukula kwa matendawo. Nthambi imene inayenera kuuza boma zoona inafika ponyoza nduna za boma lomwelo kwa zigawenga, n'kumayendetsa nkhondo imene mtsogoleri wawo anasainira pamaso pa anthu kuti yatha.

Kwa ife nkhondoyi inafika wapansi. Chakumapeto kwa 1986, Renamo italanda matauni monga Milange ndi Mutarara, anthu anakhamukira kuno. Kwathu kuno ankatulukira m'mapiri a Angonia m'bandakucha, ali mzere, mayi mwana kumsana mphika pamutu, bambo akukoka mbuzi imodzi imene yapulumuka. Ambiri sanali alendo ayi. Anali a Maseko anzathu, a Phiri, a Banda, azakhali ndi atsibweni a anthu a m'mudzi muno, olankhula monga ife tomwe. Ena anafika atavala masaka, ena nyanda ya khungwa la mtengo imene ife tinkangoimva m'nkhani za agogo. Ankatiuza za gandira, ntchito yokakamiza yonyamula katundu wa zigawenga masiku ambiri popanda chakudya, wotopa n'kuphedwera panjira. Ankatiuza za majiba, anthu a m'mudzi momwemo onyamula zikwanje amene ankalozera a Matsanga nyumba ya mphunzitsi, ya namwino ndi ya mlembi wa chipani. Ankatiuza za ana aamuna otengedwa akuweta ng'ombe n'kupatsidwa mfuti.

Ndinaona mayi wina atakhala pansi pafupi ndi chigayo, atafunda chitenje kumutu dzuwa likuswa mtengo. Mphepo itakankha chitenjecho tinaona kuti makutu onse awiri anadulidwa. Sanalire, sananene kanthu. Anakonza chitenje chake n'kupitiriza kumwetsa mwana phala. Amayi a m'mudzi muno anamutengera kunyumba tsiku lomwelo. Mafumu anagawa malo, timisasa ta udzu tinadzaza m'mbali mwa msewu, ndipo masitolo a Apwitikizi a tsidya lija anatsala zipupa zokhazokha zobooka ndi zipolopolo.

Ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni dera. Makampu monga Mankhokwe, Nyamithuthu, Chifunga ndi Luwani anakula ngati matauni. Pofika 1992 anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni anali m'Malawi muno, dziko limene kalembera wa 1987 anapeza kuti lili ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni. A UNHCR, a Red Cross ndi mipingo ankagawa ufa, nyemba, mafuta ophikira ndi mchere pa makadi, koma nkhuni ndi madzi zinkachokera m'mapiri ndi m'zitsime zathu, ndipo mapiri ena amene mukuwaona ali mbee lerowa anameteka nthawi imeneyo. Mu 1988 Robert Gersony, wotumidwa ndi boma la America, atayenda m'makampu a m'mayiko angapo kuphatikizapo kuno ndi kufunsa othawa nkhondo pafupifupi 200 mmodzimmodzi, analemba kuti anthu wamba ophedwa ndi Renamo ayenera kuti anali atafika 100,000. Limenelo linali boma la Reagan, limene linkadana ndi chikomyunizimu.

Pali mbali ina imene masiku amenewo tinkangonong'onezana. Boma la a Kamuzu linali pa ubale wa ukazembe ndi Pretoria kuyambira 1967, pamene mayiko ena a anthu akuda ankakana, ndipo ngongole yoyambira kumanga Lilongwe inachokera komweko. Anzathu a m'chigawo chino ankati Renamo imadutsa ndi kupumira m'dziko lathu. Mu September 1986 a Machel, a Mugabe ndi a Kaunda anabwera ku Blantyre kudzawauza a Kamuzu maso ndi maso, ndipo a Machel atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire ndi kuika mizinga yoloza kuno. Boma lathu linakana zonse. Patangotha mwezi umodzi, pa 19 October 1986, ndege ya a Machel pochokera ku Mbala ku Zambia inagwa pa mapiri a Mbuzini, m'dziko la South Africa, ndipo iwo anamwalira pamodzi ndi anthu ena 34. Ofufuza a South Africa analoza oyendetsa ndege a ku Soviet Union, pamene a ku Soviet Union anati ndegeyo inasocheretsedwa ndi chipangizo chonamiza choikidwa dala. Ku Harare achinyamata okwiya anaphwanya maofesi a Air Malawi. Mu December chaka chomwecho Malawi ndi Mozambique anasainirana pangano la chitetezo, ndipo kuyambira 1987 asilikali athu anapita kukalondera njanji ya Nacala. Ena anabwerako m'mabokosi, ataphedwa ndi gulu lolandira mfuti kwa anthu amene boma lathu linkadya nawo mbale imodzi.

Kwawo ku South Africa komweko nthambiyi sinawasiye anthu akuda pamtendere. Mu 1985 dzina la mkulu wina wa asilikali ku Eastern Cape, Joffel van der Westhuizen, linali pa uthenga wopempha kuti mphunzitsi Matthew Goniwe achotsedwe pakati pa anthu kosabwereranso. Patatha masabata ochepa Goniwe ndi anzake atatu anapezeka ataphedwa ndi kutenthedwa, ndipo apolisi achitetezo ndiwo anadzavomera kuti anachita zimenezo. Van der Westhuizen yemweyo anadzakwezedwa kukhala mkulu wa ukazitape wa asilikali. Mu 1986 nthambiyi inatenga anyamata pafupifupi 200 a gulu la Inkatha kukawaphunzitsa zakupha ku Caprivi. Ndipo poti ntchito zobisika zimafuna ndalama zobisika, inalowanso m'malonda a minyanga ya njovu yochokera ku Angola, monga anapezera woweruza Kumleben mu 1996.

Mu November 1992, a Mandela atatuluka kale m'ndende ndipo zokambirana zili m'kati, ofufuza a woweruza Richard Goldstone analowa mwadzidzidzi m'maofesi ena ku Pretoria amene panja ankaoneka ngati a kampani wamba. Anapeza kuti ndi a akazitape a asilikali. M'mafayilo munali dzina la Ferdi Barnard, munthu amene anamangidwapo kale chifukwa chopha anthu, atalembedwa ntchito yoipitsa mbiri ya a Umkhonto we Sizwe pogwiritsa ntchito mahule ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Barnard yemweyo anadzapezeka wolakwa mu 1998 pa imfa ya David Webster, mphunzitsi wa payunivesite amene anaomberedwa pakhomo pake mu 1989. Mtsogoleri wa dziko F.W. de Klerk anatuma General Pierre Steyn kuti afufuze, ndipo mu December 1992 anachotsa ntchito kapena kuimitsa akuluakulu a asilikali 23. Zikalata zambiri zinali zitawonongedwa kale.

Ku Mozambique a Joaquim Chissano, amene analowa m'malo mwa a Machel, ndi a Dhlakama anasainira mtendere ku Rome pa 4 October 1992. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anali atafa ndi nkhondo ndi njala imene inabwera nayo. Alendo athu anayamba kubwerera, ena pa mabasi ndi malole a UNHCR, ambiri wapansi, ndipo pofika 1995 ambiri anali atapita. Anakapeza minda ndi njira za kumadzi zili ndi mabomba okwirira pansi, amene ntchito yowachotsa inatha mu 2015. Ena sanabwerere, anakwatira ndi kukwatiwa konkuno, ndipo ena mwa inu amene mwakhala apa magazi awo ali mwa inu.

South Africa yatsopano sinathetse nthambiyi. Mu 1994 ankhondo a boma lakale, a Umkhonto we Sizwe, a APLA ndi a timayiko tija timene boma la tsankho linapanga, monga Transkei ndi Venda, anaphatikizidwa kukhala gulu limodzi, ndipo nthambiyo lero imatchedwa Defence Intelligence. Zimene anasintha ndi malamulo ake. Ntchito yake ikhale ya zankhondo, isamazonde nzika mobisa popanda chilolezo, ndipo komiti ya aphungu a Nyumba ya Malamulo pamodzi ndi woyendera wapadera akhale ndi mphamvu yoifunsa ndi kuona mabuku ake. Ambiri mwa amene anakhazikitsa malamulowa anali atazondedwapo okha, ena atagonapo m'ndende. Derek Hanekom uja anali nduna m'boma la a Mandela.

Magnus Malan anazengedwa mlandu mu 1996 pamodzi ndi akuluakulu ena a asilikali chifukwa cha anthu 13, ambiri amayi ndi ana, amene anaphedwa ku KwaMakhutha mu 1987. Bungwe la Archbishop Desmond Tutu lofufuza zoona ndi kuyanjanitsa anthu linadzapeza kuti chiwembucho chinachitidwa ndi anyamata ophunzitsidwa ku Caprivi aja, koma khoti linali litawamasula kale onse. Za Mozambique, za njanji zathu ndi za midzi ya Angonia, palibe mkulu wa nthambiyo amene anaimapo m'khoti kuti ayankhe. Malan anamwalira mu 2011 ali mfulu.